Bwalo Losasesa la a Mulipa

A Mulipa tinawaika Lachinayi lapitali, mvula ikuwaza, ndipo amene tinafika kumanda tikanakwana m'minibasi imodzi. Mkulu wa mpingo anati anali munthu wachete amene anagwirako ntchito m'boma, basi nyimbo, basi dothi. Wachete uti? A Mulipa omwewa amene ankakalipira nkhuku za eni ake mpaka mawu kusasa? Ine ndinaima kumbuyo nditabereka Tadala ngakhale wakula, mawu ali pakhosi, koma mtsikana wa lendi sangaime pamanda a munthu amene si m'bale wake n'kuyamba kuwongola akuluakulu. Ndiye ndikunena pano.

Nyumba yawo ili kuno ku Sadzi, kumtunda kumene msewu umathera n'kuyamba miyala ya phiri. Ife timakhala kuseri kwake, m'chipinda chimodzi, ine ndi mwana, poti bambo ake ali ku Joni. Pakati pa ife ndi iwo panali mpanda wa maluwa oyera onunkhira kwambiri madzulo, iwo ankati gadeniya. Anabzala okha, nthambi anachita kuthyola ku nyumba zakale za boma za m'tauni. Pakona pake panali kampata kamene nkhuku zinaboola, ndipo ine ndinadzakhala wodutsapo kuposa nkhukuzo.

Tsiku loyamba kuyankhulana nawo tinakangana. Ndinali nditangosamukira, mimba ya Tadala ili yaikulu, ndinadzuka m'mawa kusesa monga amachitira mkazi aliyense, ndipo nditaona zinyalala zaunjikana pansi pa mpanda ndinati ndiwathandize agogowa, alibe mkazi. Ndangolowetsa tsache, ndinamva mawu kuseri akundifunsa ngati pali amene wandituma. Anatulukira ndi magalasi awo omanga ndi ulusi, nagwada pamene ndinasesapo, n'kumabweza masamba ouma limodzilimodzi ndi manja. M'masambamo anatolamo tinthu tofiirira touma ngati njere za nyemba zazitali, nandionetsa pachikhatho. Kamodzi kanagwedeza mchira. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka kugunda ndowa. Anati timeneti ndi mbozi zimene zagona, zikudikira kumera mapiko, ndipo tsache langa lithere pamzere umene anajambula ndi chala chakuphazi. Sanandifunse dzina. Ndinalowa m'nyumba n'kutseka chitseko, ndikuti ndabwera kudzakhala pafupi ndi munthu wotani.

Bwalo lawo silinkaseseka. Ku Sadzi kuno bwalo losasesa ndi nkhani. Azimayi akamapita kumpopi ankaloza ndi milomo.

Chachiwiri chinali mabotolo. Pakhonde pawo, motsatira khoma, panali mabotolo a chiponde ndi a mayonezi, aliyense wotsekedwa kukamwa ndi kachidutswa ka neti ya udzudzu ndi labala. M'kati tsamba ndi mbozi. M'mawa uliwonse ankatsanula zitosi zake, kuika tsamba latsopano, kuyankhula nazo motsitsa ngati munthu akudyetsa ana a nkhunda. Ankanena kuti kale ankagwira ntchito m'nkhalango ya paini pamwamba pa phiri, kutola tizilombo todya mitengo n'kumapereka kwa oyeza. Matipate atangoyamba anawachotsa pamodzi ndi anzawo ambiri. Ntchito inatha koma manja awo sanamve. Ankakwerabe phiri ndi kachikwama ka mabotolo, kubwerako mathalauza atanyowa mpaka m'mawondo, akutukwana anyamata otentha tchire posaka mbewa ndi odula mitengo amene asandutsa phiri ngati mutu wometa ndi lezala lobuntha.

Ana ankawabweretsera mbozi m'manja, m'mapepala a shuga, m'zipewa. Iwo mwana akabwera ndi mbozi yokha ankamubweza. Ankati mbozi suidziwa poiyang'ana yokha, uyenera kuona tsamba limene ikudya, ndipo ngakhale waona tsambalo usalumbire mpaka itauluka. Mwana ankabwerera kutchire kukafuna tsamba, akulira mwina, koma ankabwerera. Sankapatsa ana maswiti, sankawaseketsa. Ankangowauza kuti iyi usagwire, ili ndi ubweya woyabwa, iyi gwira, iyi agogo ako ankakazinga.

Amene ankakangana nawo kwambiri anali Mayi Chikopa, oyandikana nafe a kumunsi, ogulitsa mandasi pamsewu. Nkhani inali nkhuku. Nkhuku za Mayi Chikopa zinkalowa pakampata paja kukapalasa masamba ouma, a Mulipa n'kuzigenda ndi zitsononkho, Mayi Chikopa n'kutuluka manja ali ufa kufunsa ngati padziko pano pali munthu wina woweta mbozi n'kumadana ndi nkhuku. A Mulipa ankayankha kuti nkhuku zawo zimadya za eni ake ngati mwini wake, ndipo mandasi awo angathe kuswa galasi la galimoto. Tinkaseka tili m'nyumba. Nthawi imeneyo inali nkhani yoseketsa.

Ndinene za tsiku lija, poti ndi limene landichititsa kulemba.

Inali nthawi ya mvula, chimanga chikumasula. Tadala anali atangoyamba kuima chogwira khoma. Thupi linayamba kumutentha kumayambiriro kwa sabata, ndinamupatsa panado wa pagolosale, m'mawa azizira, madzulo ayambiranso, ine n'kumati ndi mano. Tsikulo anadzuka bwinoko, ndinamukhazika pamkeka ndikuchapa. Kutsukuluza chitenje chimodzi, kutembenuka, pamkeka palibe. Ndinamupeza pansi pa mpanda. Pakamwa pali zobiriwira, zikutsika pachibwano, ndipo m'dzanja wafumbata theka la mbozi, la kumchira, lili ndi kaminga kakatali koima. La kumutu wameza. Ndinamunyamula, ndinalowetsa chala m'kamwa, ndinamupukuta, ndipo ndisanafike pakhomo mwana anauma m'manja mwanga. Msana unapindika, maso anatembenuka kutsala zoyera, timanja tikunjenjemera, thovu.

Sindikumbukira kuti ndinakuwa, koma azimayi anadzaza. Wina akuti mkaka, wina akuti madzi amchere asanze, wina akuthamangira dzira laliwisi. Mayi Chikopa anatsegula dzanja la mwana, naona kamchira kaja. Kenako anayang'ana kumpanda. Anati mbozi ya minga siyenda yokha kukafuna mwana, izi ndi za mdala uja, ndipo ndisayerekeze kupita kuchipatala chifukwa matenda otumizidwa akakumana ndi jekeseni mwana amapita pomwepo. Anati akudziwa sing'anga ku Jali, tikwere tipite. Sankanena mwankhanza. Iwo anaikapo mwana wawo wamwamuna zaka za m'mbuyomo, anamwalira atangomubaya jekeseni, ndipo ankanena atandigwira phewa. Ndinali nditavomera kale mumtima. Ndinkafuna wina andiuze chochita, aliyense.

Koma ukali unandigwira. Ndinatola kamchira kaja, mwana paphewa, ndinadutsa pakampata, minga ikundikala, ndikuti ndikawaonetse chimene achita.

A Mulipa ndinawapeza akusoka nsapato pakhonde. Ndinawaponyera kamchirako pamwendo. Zimene ndinanena sindingazilembe. Iwo anaika nsapato pansi, anakonza magalasi, anakatola, nakatembenuza pachikhatho ndi kamtengo ka machesi, pang'onopang'ono, ngati kulibe mwana amene akufa patsogolo pawo. Anandifunsa kuti ndamupeza pati penipeni. Ndinaloza. Anapita, anagwada, mawondo akulira, nayamba kuyang'ana pansi, kutembenuza masamba, kuyang'ana kunsi kwa nthambi. Ndikunena zoona, ndikanakhala ndi mpeni ndikanawabaya kumsana. Azimayi anali atazungulira kudzera kumsewu, aima m'mphepete mwa bwalo, palibe amene anaponda masamba aja.

A Mulipa anadzuka ndi nthambi yodyedwa m'mphepete, pali mbozi ziwiri zamoyo, zobiriwira, zazifupi kuposa chala changa chaching'ono. Anaika kamchira kaja pambali pake. Anayankhula msanga tsopano. Anati kuno kuli mitundu iwiri ya mbozi za minga kumchira imene anthu amasokoneza. Ina imadya oliyanda, maluwa ofiira aja otuluka mkaka amene ali panyumba ya kumunsi, ndipo mtengo umenewo ndi poizoni. Imeneyo ndi yonenepa, ili ndi mawanga awiri ngati maso pafupi ndi mutu, kaminga kake n'kakafupi, kachikasu, kogwa. Anati mutu mwana wameza, ndiye maso sitingawaone, n'chifukwa chake anafuna tsamba ndi abale ake. Iyi ilibe maso, ili ndi mzere woyera m'mbali, timatuza tachikasu pakhosi ngati shuga, kaminga kakatali kowongoka, ndipo imadya gadeniya ndi khofi basi. Mwana angadye zitatu, chimene angachite n'kutsegula m'mimba.

Kenako anagwira Tadala pachipumi ndi kumapazi, nandifunsa kuti kutentha kunayamba liti. Ndinawauza. Anatseka maso.

Mayi Chikopa ali kumsewu anati ndisamvere, mwini mbozi sanganene kuti mbozi yake ndi yoipa. Ena anavomereza. Wina anali atandigwira kale chitenje akundikokera kumsewu wa ku Jali. Ine ndinali pakati, ndikuyang'ana uku ndi uku, mwana ayambanso kuuma.

"Mayi a Tadala," anatero a Mulipa, "yang'anani ine, musayang'ane iwo."

Anachotsa mbozi imodzi panthambi. Anaiyang'ana kaye pang'ono, munthu amene sindinamuonepo akupha ngakhale nyerere. Anaiponya m'kamwa, yamoyo, natafuna pamaso pa tonse, nameza, natsegula pakamwa kuti tione.

"Ngati ili ndi poizoni ndiyamba ndine, ndine wokalamba. Ndikhala pakhonde pano, aliyense azindiona, mpaka mubwere. Mwanayu ndi malungo. Mukakafika muyambe kunena za kutentha, za mbozi munene pambuyo. Pitani."

Dzanja limene linandigwira chitenje linasiya lokha. Ndinathamanga kutsika, opanda nsapato, ndinakwera kabaza woyamba amene ndinakumana naye, mnyamatayo ataona mwana sanafunse kanthu, anangopalasa. Kuchipatala ndinanena monga anandiuzira. Anamubaya chala, anamuika diripi, anati malungo afika kumutu ndipo ndikanachedwa pang'ono bwenzi tikunena zina. Za mbozi ndinanena pambuyo, namwino anati si imeneyo, mayi, gwirani mwendowu usagwedezeke. Ndinakhala pambali pa bedi masiku amene sindinawerenge, ndikuyang'ana kachifuwa kakukwera ndi kutsika, kuopa kuphethira. Bedi la pambali pathu linasintha ana kawiri. Mayi Chikopa anabwera ndi phala m'kontena, anakhala pansi, sanatchule Jali, sanatchule a Mulipa.

Tadala anadzuka. Koma sanabwerere yense. Khutu lakumanzere silimva, mawu anachedwa, ndipo mpaka lero thupi likangotentha pang'ono amatha kuuma ngati tsiku lija.

Zimene zinachitika kumudzi ndinamva nditabwerako. A Mulipa anakhaladi pakhonde. Tsiku lonse, mvula ikuwomba m'khonde momwemo, anangofunda thumba la feteleza. Anthu ankabwera kudzaima pamsewu kudikira kuti agwe. Ana asukulu, azimayi ochokera kuchigayo, ena ochokera ku Chikanda amene anangomva mbiri. Kutada analowa, kutacha anatulukanso ndi mpando wawo, tsiku ndi tsiku mpaka ine kutulukira ndi mwana kumsana. Atationa ananyamula mpando n'kulowa m'nyumba.

Ine ndinkaganiza kuti poti sanafe, anthu aona kuti mbozi inalibe kanthu. Anthu anaona zina. Anati munthu wamba sangameze mbozi ya minga yamoyo n'kukhala bwinobwino, ameneyo anazolowera kudya zoposa pamenepo. Anati mwana anachira chifukwa mdala anachita mantha ndi gulu, anabweza zinthu zake, koma khutu anasunga. Makolo analetsa ana kupita kumeneko. Miyala inayamba kugwa padenga. Lamulungu lina ali kutchalitchi, kumene benchi yawo inali itayamba kukhala ya iwo okha, anthu analowa pabwalo n'kuswa mabotolo onse. Ndinawaona akutola magalasi ndi manja, akufufuza ngati pali mbozi yotsala yamoyo. Nkhuku zinali zitafika kale. Tsiku limenelo sanazigende.

Ine ndinkanena kumpopi kuti anali malungo, ndili ndi buku lakuchipatala. Ankandimvera chisoni. Ankati mwanawe ndiwe wamng'ono.

A Mulipa anandikalipiranso kamodzi, masiku omwewo. Anaitana kumpanda kufunsa ngati mwana amagona mu neti. Ndinati ilipo koma inang'ambika. Anandinena ngati mwana wawo wobereka, mawu okweza, mpaka ndinalira. Madzulo ake ndinapeza neti yawo yapachikidwa pampanda. Mbali imodzi inali ndi mabowo a makona anayi pamene ankadula zotsekera mabotolo, onse atawasoka ndi zigamba za malaya akale, ulusi wa nsapato. Ndinawafunsa kuti nanga iwo agona mu chiyani. Anati udzudzu wa ku Sadzi unawalawa kalekale n'kuwakana. Tadala akugonabe mu neti imeneyo.

Patapita masabata angapo, m'mawa wina dzuwa litatuluka pambuyo pa mvula, ndinamva akuitana motsitsa kuti ndibwere ndi mwana, msanga koma ndisathamange. Ndinayang'ana kaye kumsewu ngati kuli anthu, kenako ndinadutsa pakampata. Anali ndi botolo limodzi. Linapulumuka chifukwa ankalisunga kunsi kwa bedi. Munali mbozi yachiwiri ija ya panthambi, m'bale wake wa imene anameza iwo ndi imene anameza Tadala. Anati inasiya kudya, inatsika pansi, inauma m'masamba ngati zija ndinasesa, ndipo lero yatuluka. Anati ankafuna ndione ndi maso anga, poti tsiku lija analumbira isanauluke, chinthu chimene amaletsa ana.

Pakamtengo m'botolomo panali kagulugufe konenepa thupi, kakang'ono, kosafika chala chachikulu. Msana wobiriwira mwachikasu ngati ndimu yoyamba kupsa, lamba wofiira pamimba, kumchira kaubweya kakuda kotambasuka. Mapiko anali otuwa ngati apakidwa phulusa. Anachotsa kaneti kukamwa kwa botolo, nati tidikire. Kanayamba kunjenjemera, kunjenjemera, mpaka kulira ngati njuchi, ndipo phulusa lija linayamba kuthothoka, kafumbi kakuoneka padzuwa. Katatuluka m'botolo mapiko anali oyera mbee ngati galasi, ukuona tsamba kuseri kwake, mizere yakuda yokha m'mphepete. Kanapita pa duwa la gadeniya, sikanatere, kanangoima m'malere, n'kutulutsa kalilime kakatali ngati ulusi.

Anati anzake ambiri a mtundu umenewu amauluka usiku, koma aka kamauluka masana, ndipo anthu amakapha poyesa mavu pamene kalibe mbola. Anatchula dzina lake la m'mabuku, ndinawafunsa kawiri, linandikanika. Ine ndimangoti kagalasi. Tadala, amene chichokereni kuchipatala anali asanasekepo, anatambasula dzanja n'kutulutsa kamawu. A Mulipa anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali ndi malaya.

"Ndi chimenechi anadya mwana wanu," anatero. "Mwachiona. Wina akadzakuuzani zina, inu mwachiona."

Kuchokera pamenepo Tadala anakhala mwana yekhayo wopita pakhonde paja. A Mulipa anayambanso kutolera mabotolo, ochepa, akumawalowetsa m'nyumba akamachoka. Ankamuyankhula kukhutu lakumanja, atawerama, osakweza mawu. Mawu oyamba amene mwanayu anatchula bwinobwino anali gogo, achiwiri tsamba. Naye ankamubweza akabwera ndi mbozi yokha, sankamumvera chisoni ayi. Ndipo nthawi iliyonse thupi likatentha ndinkathamangira kumpanda. Ndinkadziwa chimene anene, yankho linali limodzi nthawi zonse, chipatala, tsopano lino, osadikira mawa. Koma miyendo yanga inkafuna kulimva kwa iwo kaye kuti iyende. Mayi Chikopa ankandichenjeza kuti ndikupereka mwana ndi manja anga. Ndinkangoti ndamva, mayi.

Chaka chathachi a Mulipa anasiya kukwera phiri. Miyendo inatupa, chifuwa chinkawatsekera, kugwada kunakanika. Masamba a m'mabotolo ndinkathyola ndine, iwo akuloza ndi ndodo ali pampando, akundinena kuti ndathyola lokalamba, mbozi si mbuzi. Ndikawauza kuti apite kuchipatala ankati akudikira mvula ithe. Munthu amene ankandithamangitsira kumeneko ine. Ndinawaphikira phala, ankadya masipuni awiri n'kunena kuti ndachulutsa mchere. Mphwawo wa ku Limbe anabwera ndi galimoto atamva kuti zafika poipa, anawatenga, ndipo sanathe sabata kumeneko. Pokwera galimoto anandiitana. Ndinkati anena za mwana. Anati botolo la pakona lili ndi ziwiri zogona, ndisalisiye padzuwa.

Maliro akagwa bwalo liyenera kuseseka, anthu akhale pati. Azimayi anabwera m'mamawa ndi matsache. Mayi Chikopa ndi amene anayamba, pansi pa mpanda penipeni, ndipo anasesa bwino, mwaulemu, akuimba nyimbo ya maliro motsitsa. Masamba a zaka zonse zija anawaunjika kuseri n'kuyatsa. Ndinamva tinthu tikuthetheka m'moto. Ndinali ndi tsache m'manja inenso, ndinangoima nalo. Mabotolo anawataya kudzala pamodzi ndi la pakona lija, ndisanalifike. Mayi Chikopa anaphika ndiwo za pamaliro, anagona m'nyumba ya siwa ndi azimayi ena, koma kumanda sanapite.

Loweruka mphwawo uja anabweretsa anyamata ndi zikwanje. Akuti amanga mpanda wa njerwa, nyumba aikamo ana a sukulu ya ukachenjede. Gadeniya yense anagwa tsiku limodzi, fungo lake linadzaza m'chipinda mwathu mpaka kutipweteka mutu.

Dzulo masana ndikutsuka mbale, ndinaona Tadala akuchokera kumunda wa kuseri akuyenda pang'onopang'ono, manja onse awiri patsogolo. Wanyamula tsamba, ndipo patsambapo pali mbozi. Anadutsa pamene panali kampata, ngakhale tsopano paliponse ndi njira, anakwera khonde, naima pachitseko chokhoma. Anaitana gogo. Anadikira. Anaitananso. Ndinamuitana koma anali atandipatsa khutu lakumanzere.

Ndinapita. Ndinagwira tsambalo kunsonga kwake, ndinayang'ana monga ankachitira iwo. Maso kumutu palibe, mzere woyera palibe, kaminga palibe. Yakuda, ya timadontho tofiira, tsamba lake la mtengo umene sindiudziwa dzina. Tadala ankandiyang'ana kudikira kuti ndinene kuti gwira kapena usagwire. Ndinamuuza kuti usagwire. Ndinamutsegula manja onse awiri, ndinamuyang'ana m'kamwa, ndinamugwira pachipumi. Panali pofunda pang'ono, mwina ndi dzuwa, mwina ayi. Ndinayang'ana kumpanda, ndipo kunalibe mpanda.

Bwalo lili mbee, dothi lofiira lokhalokha, mizere ya tsache ikuonekabe mpaka kumsewu. Zitsa za gadeniya zaima pamzere, zoyera pamwamba pamene chinadutsa chikwanje. Nkhuku za Mayi Chikopa zinabwera kamodzi, zinapalasa, sizinapeze kanthu, sizinabwerenso. Mpando anatenga mphwawo uja. Pasimenti ya khonde, motsatira khoma, patsala timizere tozungulira pamene pankakhala mabotolo, tina tatikulu, tina tating'ono, mpaka pakona. Tadala anatenga tsamba lija m'manja mwanga, analiika bwinobwino pakati pa kamzere kamodzi, mbozi ili pomwepo ikudya, n'kukhala pansi pambali pake kuyang'ana chitseko.